Kodi nyongolotsi zanga zichuluka ndikamazidula pakati?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Likuni:

"Akatswiri, ndili ndi kadimba ka masamba ndi tomato. Chaka chatha ndinayamba kuweta nyongolotsi zofiira m'mabokosi awiri a matabwa kuti zizindipangira manyowa, poti feteleza wafika posagulika. Zinkayenda bwino, koma mwezi uno wa October zayamba kutha. Zina ndikuzipeza zitaduka zokha, zina zikutuluka usiku n'kukaumira pansi. Alamu anga akuti ndisadandaule, ndingotenga lezala n'kumazidula pakati, chidutswa chilichonse chimera n'kukhala nyongolotsi payokha. Akuti umboni ndi woti ukaidula ndi khasu mbali zonse ziwiri zimayenda. Kodi n'zoona? Komanso m'dimba momwe sindikuonamo nyongolotsi ngakhale imodzi. Kodi ndazipha ndi mankhwala a tomato?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale pansi. Bokosi la nyongolotsi likayamba kubwerera m'mbuyo mu October sikuti latha. Muno mu Lilongwe ndaona mabokosi ambiri amene eni ake anali atawataya kale mumtima, koma atangowasuntha pamalo ndi kusintha kadyetsedwe, pofika January anali atadzazanso. Chofunika n'choti mwatsala nyongolotsi zamoyo, ngakhale zodzaza dzanja limodzi, kapena mazira ake. Koma lezalalo ayi. Abwezereni alamu anu akametere ndevu.

Sikuti alamuwo angopeka. Khasu likadula nyongolotsi, zidutswa zonse ziwiri zimaphiriphitha ndithu. Thupi la nyongolotsi lili m'timagawo tambirimbiri, timizere timene mumationa tija, ndipo kagawo kalikonse kali ndi kamfundo kake ka mitsempha kolamula minofu ya pomwepo. N'chifukwa chake mchira ungathe kumagwedezeka masiku angapo mutu palibe. Koma ziwalo zosunga moyo zinaunjikana kutsogolo: pakamwa, kaubongo kamene kali cha pa kagawo kachitatu, mitsempha ikuluikulu yopopa magazi, nthutumba yogaya chakudya, ndi ziwalo zoberekera. Zonsezi zili musanafike pa kalamba kotupa kaja kamene kamaoneka pa nyongolotsi yokhwima.

Ndiye mukadula pakati, mbali ya kumutu, ikachita mwayi, imatseka bala ndipo patapita milungu ingapo pamaphuka kamchira katsopano, kowonda ndiponso kotuwirako. Mwina munaonapo nyongolotsi yoti kumchira kwake mtundu ndi wosiyana ndi thupi lonse. Imeneyo inapulumuka ku khasu kapena ku mlomo wa nkhuku. Mbali ya kumchira ilibe podyera. Nthawi zambiri imangofa, ndipo mwa apo ndi apo imachita chinthu chomvetsa chisoni: pabala paja pamamera mchira winanso, n'kukhala chamoyo cha michira iwiri chopanda pakamwa, chimene chimafa ndi njala.

Nyongolotsi zofiira zimene zimawetedwa kwambiri pa dziko lonse ndi za mtundu wa Eisenia fetida, ndipo mmene mwazifotokozera zanu zikufanana nazo. Wasayansi wa ku America, G. E. Gates, anatha zaka pafupifupi 20 akudula nyongolotsi za mitundu yosiyanasiyana n'kumalemba zotsatira. Pa mtundu umenewu anapeza kuti mutu umameranso pokhapokha podulapo pakhale mkati mwa timagawo pafupifupi 23 toyambirira. Nyongolotsi yathunthu ili ndi timagawo pafupifupi 100, choncho pakati pamene alamu akunenapo ndi kutali zedi ndi malire amenewo. Masamu ake ndi osavuta. Mukadula 100, zabwino koposa zimene mungapeze ndi zosaposa 100 zomwezo, zonse zovulala, ndipo yovulala imayamba yaleka kuikira mazira kuti mphamvu zipite pa bala. M'bokosi lotentha kale ngati lanu, mabala ambiri amangolowa tizilombo.

Nanga nkhani yoti chamoyo ukachidula chimachuluka inachokera kuti? Zilipodi zamoyo zotere. M'zaka za m'ma 1740, Abraham Trembley wa ku Geneva anadula kachilombo kakang'ono ka m'madzi kotchedwa hydra, ndipo chidutswa chilichonse chinakhala kachilombo kathunthu. Anthu ophunzira a nthawi imeneyo anavutika kukhulupirira. Pali nyongolotsi zina zaphwatalala zotchedwa planaria, zopezeka pansi pa miyala m'mitsinje, zimene Thomas Hunt Morgan kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anapeza kuti kachidutswa kochepa kwambiri, gawo limodzi mwa magawo 279 a thupi, kangathe kumera mutu, maso ndi mchira. Chinsinsi chake ndi maselo, tizigawo tating'onoting'ono timene timapanga thupi, amene sanapatsidwe ntchito yakeyake. Mu planaria maselo otere ali paliponse m'thupi, pafupifupi limodzi mwa asanu alionse, ndipo pakachitika bala amathamangira pomwepo n'kusanduka khungu, minofu kapena ubongo malinga ndi chimene chikusowa. Komanso planaria ilibe magazi oti angatayike, imalandira mpweya kudzera pakhungu lake lopyapyala, choncho kachidutswa kamatha kudikira osadya mpaka katamera pakamwa. Zamoyo zimenezi ndi zimene zili ngati chinangwa, choti ukadula mtengo n'kuzika chidutswa chilichonse chimaphuka. Ngakhale pakati pa nyongolotsi za timagawo pali zingapo zaluso limeneli, monga Perionyx excavatus ya ku Asia imene imameranso mutu mosavuta, ndi tina ta m'madzi timene timachulukana pochita kudziduladula. Zanu si za gulu limenelo.

Ndipatukeko pang'ono, poti phunziro lake likukhudza bokosi lanu. Mukadzaona m'bokosi kapena pansi pake nyongolotsi yaphwatalala, yonyezimira, yamizere yoyenda kuchokera kumutu mpaka kumchira, mutu wake wotambalala, imeneyo ndi planaria ya kumtunda ndipo imadya nyongolotsi zoweta. Imeneyo ndiye musaidule, chifukwa chidutswa chilichonse chidzakhala mdani watsopano. Itoleni ndi kamtengo, muiike m'botolo la mchere.

Mukayang'ana nyama zina, muona kuti kumeranso kwa chiwalo kuli ndi malire, ndipo nthawi zonse kumalipiridwa. Buluzi kapena nalimata akagwidwa amasiya mchira ukuvinavina kuti mdani atanganidwe nawo, koma mchira womeranso mulibe mafupa, muli chichereŵechereŵe chokha, ndipo buluziyo wataya mafuta amene anasunga mumchiramo. Nkhanu imameretsa mwendo, koma imadikira nthawi yofundula, ndipo mwendowo umayamba uli waung'ono. Mbululu ikadali yaing'ono imameretsa mchira ngakhalenso mwendo, koma ikamayandikira kusanduka chule luso lija limazirala. Pali mbewa zina za ubweya wolasa, za mtundu wa Acomys, zimene ofufuza anaonetsa m'chaka cha 2012, pa mbewa zogwidwa ku Kenya, kuti khungu lawo limasupuka mosavuta zikagwidwa, kenako limameranso ndi ubweya womwe, popanda chipsera. Ife anthu tinangotsala ndi chiwindi, khungu, mafupa olumikizana, ndi kansonga ka chala ka mwana wamng'ono. Ngakhale kameneko, mwana akadzidula ndi chikwanje m'dimba, n'kuthamangira naye kuchipatala, osadikira kuti chimera.

Tsopano tibwere pa chimene ndikuona kuti ndi vuto lenileni, nyongolotsi zoduka zokha zija. Ambiri akaona zidutswa m'bokosi amasangalala kuti zikuswana. Ayi, kumeneko ndi kulira kwake. Nyongolotsi ikapanikizika ndi kutentha, ndi asidi, kapena ndi mpweya woipa wochokera ku zitosi, imamanga minofu pa kagawo kena n'kutaya mchira, mofanana ndi buluzi uja. Zisanaduke mumaona thupi litatupa malo ena n'kupyapyala malo ena. Ndipo zotuluka usiku zija zikuthawa, chifukwa nyongolotsi imene ili pabwino siichoka pa chakudya.

Nyongolotsi ilibe mapapo. Imapuma ndi khungu, ndipo khungulo liyenera kukhala lonyowa kuti mpweya ulowe m'magazi. Zofiirazi zimasangalala pa madigiri 25 kapena kucheperapo. Kukapitirira 30 zimachepetsa kudya ndi kuikira, ndipo cha pa 35 zimayamba kufa. October wa ku Lilongwe masana amafika ndi kupitirira madigiri 30 mumthunzi, ndiye ganizirani bokosi limene lili pansi pa malata kapena pakhoma lowombedwa ndi dzuwa la masana. Chimene anthu ambiri sachiganizira n'choti chakudya nachonso chimatentha chokha. Ndowe zaziwisi, madeya ndi zotsala za masamba zikaunjikana zimayamba kuwola, ndipo pakati pa mulu wowola pamafika madigiri 50 kapena 60. Tizilombo towoletsa timalandanso mpweya womwe nyongolotsi zikufuna. Choncho mlimi amene waona ziweto zake zikuchepa n'kuonjezera chakudya mwachifundo ndi amene amazimaliza.

Thupi lili ndi chitetezo chake pa kutentha. M'chaka cha 1962, Ferruccio Ritossa wa ku Italy anaona kuti mphutsi za tintchentche ta zipatso zikatenthedwa, mbali zina za malangizo a m'maselo zimadzuka mwadzidzidzi. Patsogolo pake zinadziwika kuti maselo amapanga mapuloteni apadera ogwiriziza mapuloteni anzawo kuti asapindike ndi kutentha, ndipo chitetezo chimenechi chili pafupifupi m'chamoyo chilichonse, nyongolotsi ndi inu ndi ine. Koma chimathandiza kupirira maola, osati milungu, ndipo chimadya mphamvu zomwezo zofunika popoletsa bala ndi poikira mazira. Apa ndi pamene malangizo a alamu akanakupwetekani kwambiri, chifukwa mukanavulaza nyama imene mphamvu zake zonse zathera kale polimbana ndi dzuwa.

Chochita lero lomwe ndi ichi. Pisani dzanja pakati pa bokosi masana. Mukamva kufunda, chotsani chakudya chonse chimene chikuwola, makamaka chonunkha chowawasa, ndipo musadyetsenso kwa mlungu wathunthu. Sizifa ndi njala, zimadya zogonera zawo zomwe, kutanthauza zinyalala zimene zimakhalamo m'bokosimo. Sunthirani mabokosi pansi pa mtengo wa mthunzi wokhazikika, monga mango, kapena m'chisakasa cha udzu. Pamwamba yalani chiguduli chonyowa, ndipo chikauma muzichinyowetsanso, chifukwa madzi akamauluka amatenga kutentha. Chinyezi chake muziyesa ndi dzanja: tapani zogonerazo, finyani, pazituluka dontho limodzi kapena awiri. Akamachucha ndiye kuti mwachulutsa ndipo mpweya sukulowa, choncho sakanizanimo masamba ouma, mapesi odulidwa kapena makatoni ong'amba, ndipo onetsetsani kuti pansi pa bokosi pali mabowo. Madzi a pampopi ayambe agona m'ndowa usiku umodzi kuti mankhwala a klorini achepe.

Pa zakudya ndimaumirira kwambiri chinthu chimodzi: ndowe ziyambe zawola pambali milungu iwiri kapena itatu, mpaka zitasiya kutentha. Zitosi za nkhuku zaziwisi ndiye poizoni weniweni, chifukwa zimatulutsa amoniya amene amawotcha khungu la nyongolotsi. Mkute wa nsima ndi ndiwo zamchere ndi mafuta zipite kwa nkhuku kapena nkhumba. Ena amathira phulusa pofuna kuthetsa kuwawasa, koma phulusa ndi laukali. Makoko a mazira osinja bwino amagwira ntchitoyo mofatsa. Muziika chakudya mbali imodzi ya bokosi kuti zikhale ndi kothawira chikatentha. Ndipo mukapeza ndowe kapena chakudya chachilendo, yambani mwayesa: ikani pang'ono m'chitini chonyowa pamodzi ndi nyongolotsi khumi, muone mawa lake. Zikalowa pansi n'kukhala, dyetsani. Zikakwera m'mbali, dikirani. Linthumbwi nalo limakonda malo onyowa m'chilimwe, choncho miyendo ya thandala la mabokosi iime m'zitini za madzi.

Kuchulukana kwenikweni kumachitika chonchi. Nyongolotsi iliyonse ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, koma zimakumana ziwiri n'kupatsana mbewu, kenako iliyonse imaikira. Kalamba kaja ndi kamene kamapanga kathumba ka mazira, kachikasu, kosaposa njere ya mapira. Pakafunda bwino kathumbako kamaswa patatha milungu pafupifupi itatu, ndipo mumatuluka tiana tiwiri kapena titatu, timene timakhwima pa miyezi iwiri kapena kucheperapo. Yokhwima imodzi imatha kuikira timatumba tingapo pa mlungu. Timatumbati timapirira kuuma ndi kutentha kuposa makolo ake, n'chifukwa chake ndinanena kuti musataye zogonera ngakhale muone ngati zonse zafa. Fufuzani bwino, mutipeza. Bokosi likadzaza, gawani zonse pawiri, nyongolotsi ndi zogonera zomwe, theka mukayambire bokosi lina. Kudula kothandiza ndi kumeneko.

Za m'dimba ndi nkhani ina, chifukwa ndi mitundu ina. Nyongolotsi za m'nthaka zimadziwa chilimwe chathu. Dothi likayamba kuuma zimatsikira pansi, zimatulutsa zonse za m'mimba, zimakumba kachipinda n'kukamata ndi mamina ake, kenako zimadzipinda mfundo n'kugona mpaka mvula. Mukakumba mozama pamalo a mthunzi mutha kuzipeza zili chomwecho. Zofiira za m'bokosi sizikumba mozama, kwawo ndi pamwamba m'zinyalala zowola, ndiye zilibe kothawira koma kudalira inu.

Luso logona m'chilimwe lili ponseponse kuno kwathu, kungoti sitiliyang'ana. Nkhono imatseka pakhomo pa chigoba chake ndi mamina ouma. M'madambo a ku Lower Shire muli nsomba ya mapapo imene imadzikwirira m'matope n'kumapuma mpweya miyezi yonse ya chilala. Cha ku Nyanja ya Chilwa kuli kansomba kotchedwa Nothobranchius kirki kamene kamafa thamanda likaphwa, koma mazira ake amatsala m'dothi louma, mwana ali mkati ataima kukula, kudikira mvula. Koma chimene chimandidabwitsa kuposa zonse ndi mphutsi ya kachilombo kofanana ndi udzudzu koma kosaluma, Polypedilum vanderplanki, yokhala m'timaenje ta madzi a pamwamba pa matanthwe ku Nigeria. Madzi akamaphwa, mphutsiyo imadzaza thupi lake ndi shuga wotchedwa trehalose, mpaka kufika pafupifupi gawo limodzi mwa asanu a kulemera kwake ikauma. Shugayo amalowa m'malo mwa madzi n'kuuma gwa, kusunga chilichonse m'maselo pamalo pake. Mphutsi imauma kotheratu, siipuma, siidya, ndipo ina inadzuka patatha zaka 17. Mukaithira madzi, pasanathe ola limodzi yayamba kuyenda. M'chaka cha 2017 asayansi analengeza za mbale wake wopezeka kuno ku Malawi, Polypedilum pembai, amene amachitanso zomwezo. Choncho fumbi limene lili m'kadzenje ka pathanthwe m'chilimwe lingathe kukhala ndi zamoyo. Nyongolotsi yokha ilibe mphatso imeneyi: imapirira kutaya madzi ambiri a m'thupi, koma ikauma yauma, ndiye zija mukuzitola pansi m'mawa musavutike kuziviika.

Kodi mankhwala a tomato alibe mlandu? Sindingawachotseretu. Mankhwala ophera tizilombo a gulu la carbamate, monga carbaryl ndi carbofuran, amapha nyongolotsi kwambiri. Mankhwala a kopa amene timapopera pofuna kuteteza tomato ku chiwawu sawola, amaunjikana m'dothi chaka ndi chaka, ndipo nyongolotsi zimathawa dothi la kopa wambiri. Pa chifukwa chimenechi masamba ndi mitengo ya tomato yopoperedwa isalowe m'mabokosi anu. Koma musaweruze mu October. Dikirani mvula yeniyeni, osati chizimalupsa, ndipo patatha milungu itatu dothi litanyowa bwino, kumbani dzenje lotalika, lotambalala ndi lozama phazi limodzi m'bedi limene mumapopera, ndi lina lofanana m'mphepete momwe simupopera. Phwanyani dothilo pa thumba, werengani. Zikapezeka mbali zonse, zinali mtulo chabe. Zikapezeka m'mphepete mokha, ndiye pali chimene chikuzipitikitsa, kaya mankhwala, kaya kugalauza pafupipafupi, kaya dothi losiyidwa pamtunda lopanda chophimba. Mabedi amene mumathirira tsiku ndi tsiku n'kuphimbira ndi udzu amayenera kukhala ndi nyongolotsi zochepa ngakhale pano. Ngati mulibiretu, ndingayambe kukayikira mankhwalawo.

Pali nthawi yofunika maso a munthu wina. Ngati mwachita zonsezi kwa milungu iwiri koma zikufabe, kapena zafa zambiri tsiku limodzi mutangosintha gwero la ndowe kapena la madzi, pitani kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Ngati kuwerenga kwa nthawi ya mvula kwaonetsa kuti m'mabedi mulibe kanthu, ndi bwino dothi liyezedwe asidi ndi mchere wake, ndipo inu muli ndi mwayi chifukwa malo a kafukufuku a Chitedze, pa msewu wa Mchinji, sali kutali ndi Likuni, komanso ku Bunda kuli akatswiri a za nthaka. Popita tengani botolo kapena pepala la mankhwala alionse amene mwakhala mukupopera, dothi la m'mabedi angapo m'timapepala tosiyana, ndi zogonera zodzaza manja awiri pamodzi ndi nyongolotsi zingapo zamoyo m'chitini chobowola pamwamba.

Chomaliza chikukhudza thanzi lanu, poti mumagwira ntchito m'madzi a kudimba. Tinkhono ta mtundu wa Bulinus timene timafalitsa likodzo nato timadziwa kugona m'matope ouma, choncho chitsime kapena thamanda limene linaphwa silinayeretsedwe ndi dzuwa; madzi akabwerera, tina timadzuka. Inu kapena ana amene amakuthandizani kuthirira mukaona magazi mu mkodzo, kapena kumva kuwawa pokodza, pitani kuchipatala mukayezedwe. Mankhwala ake, praziquantel, amamwedwa tsiku limodzi malinga ndi kulemera kwa thupi, ndipo onse amene amalowa m'madzi omwewo ayenera kuyezedwa nawo.